Wilo yakutsogolo ya mountain bike ikapendekera mbali imodzi

Musathamangire kukhwimitsa masipoko ayi. Imikani njinga pansi, masulani quick release (kachitsulo kapakati pa wilo komangira ndi kumasulira wiloyo popanda sipanala), kanikizani mahandulo kuti ekiselo ikhale bwinobwino mu foloko kenako mangani, nthawi zambiri vuto limathera pompo.

Ikapendekerabe zungulitsani wilo, muziyang'ana limu osati tayala chifukwa tayala lokha limatha kukhala lokhota. Limu ikamavina ndiye yapindika.

Koma ikamayenda osavina itatsamira kumanzere, chotsani wiloyo muibwezere chotembenuza, disiki ya buleki ipite mbali inayo. Kutsamirako kukasamukira kumanja vuto ndi masipoko, mbali imodzi akukoka kwambiri, amakaniko akonza. Kukatsalabe kumanzere komweko ndi foloko yapindika, chonde musatsike nayo mtsetse imeneyo, isintheni kaye. Kumbukirani kubwezera wilo mmene inalili musanakwere, apo ayi buleki yakutsogolo sigwira.