Nyumba yatsopano koma khoma likunyowa: muyambire pati?

Mwafunsa kuti nyumba mwangoimanga kumene koma penti ikusupuka ndipo khoma likuchita chinyontho. Musathamangire kupakanso penti, pezani kaye gwero la madziwo.

Choyamba tsekani mipopi yonse, lembani manambala a pa mita ya madzi, dikirani maola awiri. Akasintha, paipi ikudontha penapake, kawirikawiri m'khoma la kubafa.

Akapanda kusintha, onani pamene panyowapo. Ngati ndi m'munsi mwa khoma, pali zoyera ngati mchere, madzi akukwera kuchokera m'nthaka. Funsani mmisiri wanu ngati anayala pulasitiki wa DPC, wotchinga madzi kuti asakwere m'khoma, pamwamba pa maziko. Ena amamudumpha pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo zimandiwawa chifukwa kukonza pambuyo n'kodula kwambiri. Zungulirani panja muonenso ngati dothi launjikana kukhoma kapena madzi a padenga akugwera pamaziko.

Kukanyowa m'mwamba, suzumirani m'siling'i mvula ikugwa, muone misomali ndi polumikizira malata.

Mukakayikabe, matani pulasitiki pakhomapo ndi tepi mbali zonse kwa masiku awiri. Madontho akakhala kunja kwake, ndi nthunzi ya m'nyumba, muzitsegula mawindo. Akakhala mkati, madziwo ali m'khoma momwemo.