Momwe mungasankhire lenzi yakale yojambulira vidiyo kunyumba

Achinyamata ambiri pa Dedza boma ndi ku Ntcheu akujambula nyimbo, masewero ndi maulaliki m'nyumba zawo, koma lenzi yatsopano mtengo wake ndi wowawa. Malenzi a nthawi ya filimu amagwirabe ntchito. Ena ali m'mabokosi a madala amene ankajambula maukwati kalelo, ena amabwera ndi abale ochokera ku Joni.

Yambani ndi kamera yanu, lenzi ibwere pambuyo. Polumikizira lenzi ndi kamera pamasiyana malinga ndi kampani: pali M42 yochita kupotokola, Canon FD, Nikon F ndi Minolta MD. Ngati kamera yanu ndi mirrorless (yopanda kalilole m'kati), monga Sony E kapena Panasonic ya Micro Four Thirds, onsewa amalowa ndi adaputa yachitsulo yopanda galasi. Amene muli ndi DSLR, kamera yokhala ndi kalilole m'kati, samalani. Canon inabweretsa polumikizira pa EF mu 1987 m'malo mwa FD, ndipo lenzi ya FD pa DSLR ya Canon siona zakutali pokhapokha adaputa ikhale ndi galasi, lomwenso limawononga chithunzi. M42 imakhala bwino pa Canon EF, koma pa Nikon imavuta chimodzimodzi.

Kenako yezani chipinda chomwe muzijambuliramo. Ambiri amathamangira Helios 44-2, lenzi ya 58mm f/2 yopangidwa ku Soviet Union, chifukwa imazunguliza zakumbuyo kwa munthu mokongola. Ndi yabwino, sindikukana. Koma pa kamera ya APS-C, yomwe sensa yake (kachipangizo kolandira chithunzi) ndi yocheperapo, muchulukitse 58 uja ndi 1.5, ndiye kuti ikuona ngati 87mm, ndipo nambala ikamakula lenzi imaona malo ochepa. Pa Micro Four Thirds muchulukitse kawiri, 116mm. M'chipinda cha mamita atatu mudzangojambula nkhope ndi mapewa, msana wanu utagunda khoma. Ine ndingati yambani ndi 28mm kapena 35mm, Helios mudzagula mukamajambulira pakhonde.

Lenzi ili m'manja, yatsani tochi ya foni, muunikire kumbuyo uku mukuyang'ana kutsogolo. Tifumbi tochepa tisakudetseni nkhawa, sitioneka pa vidiyo. Choopsa ndi chuku, chomwe chimaoneka ngati ulusi wa kangaude m'kati mwa galasi. Chikakhalitsa chimadya utoto wa pagalasipo, ndipo olo mutapukuta bwanji chipsera chimatsala. Yoteroyo isiyeni ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo. Mukaona galasi lachikasu pa Super-Takumar 50mm f/1.4 ya Pentax, chimenecho si chuku: ndi thorium, mtundu wa chitsulo, amene ankasakaniza m'galasi, ndipo white balance, posinthira mitundu pa kamera, imakonza mtunduwo.

Tembenuzani mphete ya fokasi kuchoka kumapeto kufika kumapeto ena. Malenziwa alibe autofocus, sachita okha fokasi, dzanja lanu ndilo lizigwira ntchito, choncho mphete yolimba kapena yodumphadumpha idzaonekera pa vidiyo. Tsekulani ndi kutseka aperture, kabowo kolowera kuwala m'kati mwa lenzi. Timasamba take tikhale touma, topanda mafuta.

Musalipire musanajambulire nayo. Tengani kamera ndi adaputa, muike 25fps (zithunzi 25 pa sekondi) ndi shutter (nthawi yomwe chithunzi chilichonse chimalandira kuwala) ya 1/50, popeza magetsi athu ndi a 50Hz ndipo mababu amatha kuphethira pa vidiyo mukaika zina. Yatsani focus peaking, yomwe imaonetsa ndi mtundu pamene pali fokasi, mujambule munthu akuyenda kubwera kwa inu, kenako muonere pa laputopu, pakuti kasikirini ka kamera kamabisa zolakwika.

Kusunga nako n'kofunika kuno kumapiri, kumene chifunga ndi chinyezi sizisowa, makamaka nyengo yadzinja. Musaisiye m'chikwama chachikopa pansi pa bedi. Ikani m'kontena yapulasitiki yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel timene timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano, ndipo muziitulutsa pafupipafupi kuti iwombedwe mphepo ndi kuwala.