Momwe mudzi ungatetezere gombe la mtsinje lomwe likugumuka

Anthu okhala m'mphepete mwa nyanja yamchere ku Mozambique amadalira milu ya mchenga ya m'gombe kuti iwatchinge ku mafunde, ndipo amabzalapo udzu ndi mitengo kuti mchengawo usatengedwe ndi mphepo. Kuno ku Chipata m'dziko la Zambia nyanja tilibe, koma tili ndi magombe a Lunkhwakwa, Lutembwe ndi Msandile, omwe amadyedwa ndi madzi dzinja lililonse, ndipo dothi lina limakathera m'madamu a Lutembwe momwe tauni yathu imatengako madzi akumwa. Ntchito yokonza magombewa mudzi ungaigwire wokha, bola utagwirizana.

Musayambe ndi khasu, yambani ndi bwalo. Apempheni anyakwawa kuti aitane eni madimba, oumba njerwa, okumba mchenga ndi eni ng'ombe, chifukwa amenewa ndiwo amagwiritsa ntchito gombe tsiku ndi tsiku, ndipo mukawasiya kunja adzaona ngati mukuwalanda chakudya pakamwa. Mugwirizane kukula kwa malo osalimidwa kuchokera pamadzi, ndipo ine ndimaona kuti mamita 10 ndiwo ochepetsetsa pa mtsinje waung'ono. Musankhenso doko limodzi lomwetsera ziweto, komanso malo okumbapo mchenga, omwe akhale pakati pa mtsinje osati m'tsinde mwa gombe. Zimene mwagwirizana zilembedwe ndipo zikaperekedwe kwa mfumu yaikulu ya dera lanu. Ngati pali mitengo yachilengedwe yoti itetezedwe, lamulo la nkhalango la 2015 limalola anthu a m'mudzi kupanga gulu loyang'anira nkhalango yawo, ndipo alangizi a zankhalango angakuthandizeni kulembetsa.

Mu Seputembala kapena Okutobala, madzi ataphwa, yendani m'mbali mwa mtsinje muone pomwe pavuta. Kawirikawiri pamakhala pokhota, kumbali yakunja, pomwe madzi amakumba pansi n'kusiya dothi likulendewera ndi mizu ili poyera. Onaninso zigwembe zotsika kuchokera m'minda. Ntchito iyambire kumtunda, popeza madzi othamanga ochokera kumeneko angakokolole zonse zomwe mwabzala kumunsi.

Gombe loimirira ngati khoma siligwira mbewu, choncho lisalazeni ndi makasu kuti likhale lotsetsereka pang'onopang'ono. M'tsinde mwake khomani zikhomo ndi kulukamo nthambi, kenako muikemo miyala kumbuyo kwake. M'zigwembe mangani timatchingo ta miyala tosapitirira m'mawondo, ndipo pakati pakhale potsika kuti madzi azidutsa pomwepo m'malo moboola m'mbali.

Kubzala kuchitike mu Disembala, mvula itakhazikika ndipo nthaka itanyowa bwino. Pafupi ndi madzi penipeni pakhale bango, lomwe limapirira kumizidwa. Pamwamba pake bzalani udzu wa vetiva, ndipo apa ndi pomwe pamafunika chidwi chachikulu. Zulani phata, muligawe kuti chigawo chilichonse chikhale ndi timphukira tiwiri kapena titatu, mudule masamba atsale masentimita 20, mizu itsale masentimita 10. Bzalani m'mizere yopingasa malo otsetsereka, motalikirana masentimita 10 mpaka 15, ndipo mutsendere dothi ndi chidendene kuti mbande isazuke mukaikoka pang'ono. Ambiri amatalikitsa mbande pofuna kuti zikwanire malo aakulu, koma mzere wokhala ndi mipata umasonkhanitsa madzi pamipatapo n'kuyambitsa chigwembe chatsopano. Ndi bwino kumaliza mamita 50 mothinana kusiyana ndi kumwaza mbande pa mamita 200. Mizu ya vetiva imalowa pansi molunjika mpaka mamita 2 kapena 3, motero simalimbirana chakudya ndi mbewu za m'dimba loyandikana nalo.

Kumtunda kwa udzuwo bzalani nsungwi ndi mitengo yomwe imamera yokha m'mitsinje yathu, monga mkuyu, katope ndi mbawa. Bulugamu musamuyandikize kumadzi, chifukwa amamwa kwambiri ndipo pansi pake udzu sukula bwino.

Chaka choyamba ndicho chovuta. Mvula yamphamvu ikagwa, anthu awiri kapena atatu, mosinthana, akayendere gombe m'mawa mwake ndi kubwezeramo mbande pomwe zakokoloka, choncho ndi nzeru kusunga nazale yaing'ono ya vetiva m'dimba la mmodzi wa inu. Mu Meyi ndi Juni lambulani mozungulira malowo moto wolusa usanayambe. Anthu akakolola n'kumasula ziweto, tchingani mitengo yaing'ono ndi minga, pakuti mbuzi imodzi ingathe kudya nsonga za mbande zambiri m'masana amodzi. Vetiva akakhwima m'chaka chachiwiri, muzimumweta kusiya masentimita 30 mpaka 40 kuti aphukire mothinana, ndipo udzu womwetawo ugawidwe kwa mabanja omwe anasiya mbali ya madimba awo, kuti afolerere nyumba kapena aphimbire mabedi a ndiwo zamasamba.