Momwe mungayendere m'mphepete mwa Phiri la Zomba osalimbirana msewu ndi magalimoto

Msewu wa dothi wozungulira pamwamba pa Phiri la Zomba sanaulambulire anthu oyenda pansi. Ndi msewu wa ntchito za nkhalango, wotulutsira matabwa a paini, ndipo mumadutsa malole, ma Land Cruiser onyamula alendo, njinga zamoto ndi njinga zakapalasa zolemedwa ndi nkhuni. Komatu ndi womwewo umene umakufikitsani pa malo amene anthu amakwerera phirili: Queen's View ndi Emperor's View, pomwe mumaona tauni, Nyanja ya Chilwa ndi Phiri la Mulanje chapatali, komanso dzenje la Chingwe's Hole kuseri kwa phirili, moyang'ana chigwa cha Shire. Magalimotowo simungawapewe. Chofunika n'kudziwiratu poima asanakupezeni.

Choyamba, sankhani mwezi ndi ola

Kuyambira November mpaka April dothi la m'msewumu limaterera, ndipo galimoto ikamatsika mtsetse imatha kutsetsereka ngakhale dalaivala waponda mabuleki. Kukhala 4x4 kumaithandiza kukwera, koma pa nkhani yoima m'matope siisiyana kwenikweni ndi inzake. M'June ndi July mumagwa chiperoni, nkhungu yoti munthu ali poteropo simumuona. September ndi October ndi miyezi ya fumbi ndi moto wolusa. Ine ndikanasankha May kapena August.

Nyamukani m'mawa, cha m'ma 6 koloko. Magalimoto a alendo amachuluka dzuwa likakwera, makamaka Loweruka ndi Lamlungu, ndiye mukalawirira mumakhala mwadutsa kale mbali yaikulu ya msewu iwo asanamwe n'tiyi yemwe.

Chachiwiri, pezani wokulondolerani

Kuchokera m'tauni mutha kukwera wapansi kudzera mu Potato Path, kanjira kotsetsereka komwe galimoto siingayese n'komwe, kapena kukwera galimoto pa msewu wa tala mpaka pa hotelo ya Ku Chawe n'kuyambira pamenepo. Pafupi ndi hoteloyo pamapezeka anthu olondolera alendo. Gwirizanani mtengo ndi komwe mukupita musananyamuke.

Ena amaona ngati kulipira wolondolera pa msewu woonekeratu n'kutaya ndalama. Akulakwa pawiri. Mphambano za m'nkhalangomu zimafanana, zikwangwani n'zochepa, ndipo mitengo ikadulidwa malo amasinthiratu maonekedwe. Chinanso, wolondolerayo amadziwa tinjira tachidule todula makona a msewu, ndipo amadziwa mbali yomwe akucheka matabwa sabata imeneyo, kutanthauza mbali yomwe malole ali.

Tengani madzi osachepera malita 2 munthu mmodzi, nsapato zogwira pansi, ndi juzi. Tauni ya Zomba ili pansi pa mamita 1,000 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pomwe nsonga ya Malumbe imapitirira mamita 2,000, choncho kutentha komwe mwakusiya pa msika sikukutsatirani. Valani chowala, chofiira kapena chachikasu. Zovala zobiriwira ndi zakhaki zimakubisani m'mitengo, zomwe ndi zabwino kwa mlenje yekha.

Chachitatu, mbali yoyenda

Apa ndiye pagona nkhani. Lamulo lomwe tinaphunzira ku pulayimale likugwirabe ntchito: magalimoto kuno amayenda kumanzere, ndiye wapansi ayende kumanja kuti aziona galimoto yomwe ikubwera kutsogolo kwake. Pa msewu woongoka chitani zimenezo.

Koma msewu wa m'mphepete mwa phiri uli ndi zake. Dalaivala wa m'msewu wokumbika satsata manzere kapena manja, amatsata pomwe pali pabwino. Akaona chigwembe chokokoloka ndi madzi amakhotera mbali iliyonse, ngakhale yomwe mwaimayo. Ndiye muziwerenga msewu monga momwe iye akuuwerengera: mukaona kuti mbali yanu ndi yosalala ndipo inayo ndi yokumbika, dziwani kuti matayala abwera kwa inu.

Pa kona yobisika ndi chipupa cha phiri kapena tchire, wolokerani kunja kwa konayo musanafikepo, mutayamba mwamvetsera ndi kuyang'ana mbali zonse. Kunja kwa kona mumaona patali, nayenso dalaivala amakuonani msanga. Galimoto yothamanga makilomita 30 okha pa ola imadutsa mamita 8 pa sekondi imodzi, ndiye mukakumana nayo m'kati mwa kona nthawi yoganiza palibe.

Pomwe mbali ina kuli phompho, nkhani imasinthanso. Galimoto ikamabwera, thawirani mbali ya kumtunda, kwerani pa chipupa kapena lowani m'tchire lomwe mukuona pansi pake. Musaime m'mphepete mwa phompho n'kumati galimoto ikwana. Dothi la m'mphepete limagumuka, udzu wautali umabisa pomwe nthaka yathera, ndipo munthu akadzidzimuka amabwerera chafutambuyo osayang'ana. Kona ikakhala yobisika koma kunja kwake kuli phompho, imani kaye, mvetserani, kenako dutsani mofulumira mbali ya kumtunda.

Chachinayi, makutu akhale pa ntchito

Mahedifoni asiyeni m'chikwama. M'phirimu injini imamveka patali, makamaka ya lole yokwera mtunda pa giya yaing'ono, ndipo phokosolo ndi lomwe limakupatsani mpata wosankha poima mosapupuluma. Kungoti pafupi ndi mathithi, monga Williams Falls, mkokomo wa madzi umameza phokoso la injini, ndipo mphepo ya m'mitengo ya paini imachitanso chimodzimodzi. Malo oterewa muzicheuka pafupipafupi.

Chachisanu, galimoto ikafika

Patukani msanga ndipo imani chilili, moyang'ana dalaivala, kuti adziwe kuti mwamuona. Yokwera mtunda musaiimitse. Ikataya liwiro pa miyala kapena m'matope imayamba kupalasa, kuponya timiyala, mwinanso kubwerera m'mbuyo. Pachifukwa chomwechi musaime kumbuyo kwa galimoto yomwe yatitimira kapena yomwe ikukokedwa ndi chingwe. Lole ya zipika ipatseni malo ochuluka kuposa momwe mukuganizira, chifukwa matayala akumbuyo amadula kona ndipo katundu amasomphoka m'mbali.

Ikadutsa musathamangire kubwerera mumsewu. Alendo nthawi zambiri amayenda mondondozana, ndipo wachiwiriyo amakhala ali m'fumbi la woyamba, sakuona bwino. Dikirani fumbi litsike, mvetseraninso.

Mukakhala gulu, nonse mupatukire mbali imodzi. Gulu logawikana, ena uku ena uku, limasiyira dalaivala kampata kopyapyala, ndipo sipalephera wina wosintha maganizo galimoto itafika kale n'kudumphira kwa anzake. Wotsogola ndi wotsalira akhale akuluakulu, ana pakati, ndipo womva galimoto afuule.

Chachisanu n'chimodzi, njinga za nkhuni

Kwa ine izi n'zoopsa kuposa Land Cruiser. Njinga yosenza nkhuni kapena matabwa imatsika mwakachetechete, katundu wake ndi wolemera kuposa mwini wake, ndipo mabuleki ake sangaiimitse pamtsetse. Mukamva "Njira! Njira!" kapena mluzu kumbuyo, musayambe mwacheuka n'kumaganiza, sunthirani m'mbali momwe muli kale, osadutsa msewu. Amayi osenza mitolo ya nkhuni pamutu nawonso apatseni njira, popeza mtolo wautali sukhota msanga. Inu mwabwera kudzapitidwa mphepo, iwo ali pa ntchito. Moni wokha ndi wokwanira, ndipo musawajambule musanapemphe.

Mukafika poonera

Queen's View inatchedwa dzinali chifukwa cha ulendo wa amayi ake a Mfumukazi Elizabeth II mu 1957, pomwe Emperor's View ndi chikumbutso cha mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia, yomwe inafikapo mu 1965. Malo awiriwa ndi oyandikana, ndipo magalimoto amaima ndi kutembenukira pomwepo. Khalani kutali ndi kumbuyo kwa galimoto iliyonse yomwe injini yake ikulira. Pa Chingwe's Hole dzenjelo labisika m'mitengo, ndiye ana agwireni pamkono. Chakudya musachionetsere pomwe pali anyani.

Pobwerera, werengerani kuti pofika 4 koloko madzulo mukhale mwatsika kufika ku Damu la Mulunguzi kapena pa Ku Chawe. M'miyezi yozizira mdima umagwa isanakwane 6 koloko, m'nkhalango umayambirako, ndipo nthawi imeneyi ndi yomwe malole odzaza komanso njinga za nkhuni zimakhala zikutsika. Mukachedwa, yatsani tochi n'kuilozetsa pansi patsogolo panu, osati m'maso mwa dalaivala.