Momwe mungachapire chovala chatsopano kuti muchepetse mankhwala otsalira mu nsalu

Chovala chatsopano chimaoneka choyera, koma chisanafike m'manja mwanu chimakhala chitadutsa m'mankhwala ambiri: otsukira ulusi, oyeretsera, utoto, ofewetsera, ndiponso oteteza nsalu ku nkhungu paulendo wautali wapanyanja. Ena mwa mankhwalawa amatsalira mu nsalu, ndipo amatuluka pang'onopang'ono, ena m'madzi ochapira, ena pakhungu pamene thukuta lanyowetsa nsaluyo ndipo ikukhuzana ndi thupi. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti chilichonse chokhudza khungu chichapidwe chisanavalidwe, makamaka zovala zamkati, masokosi, zogonera, ndi zonse za makanda, amene khungu lawo ndi lanthete ndipo amakonda kuyamwa nsalu.

Yambani ndi kuchinunkhiza. Fungo lolasa m'mphuno likhoza kuchokera ku formaldehyde, mankhwala amene amathiridwa pa malaya ndi nsalu zapabedi zathonje kuti zisamachite makwinya. Mu 2004 bungwe lapadziko lonse lofufuza za khansa la IARC lidaika mankhwalawa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, ngakhale kuti chiopsezocho chimakhudza kwambiri anthu amene amawapuma tsiku ndi tsiku kuntchito. Kwa wovala, vuto lalikulu ndi kuyabwa ndi zidzolo. Dziko la Japan sililola mamiligalamu oposa 75 pa kilogalamu ya nsalu yokhudza khungu, ndipo malire a zovala za makanda ndi okhwima koposa. Mwayi wake ndi wakuti formaldehyde amasungunuka m'madzi, choncho kuchapa koyamba kumachotsa wambiri. Timapaketi toteteza ku chinyezi ndi nkhungu topezeka m'bokosi kapena m'matumba a chovala mutaye kutali ndi ana, chifukwa tina tinkakhala ndi dimethyl fumarate, amene mayiko a European Union adamuletsa mu 2009 atawotcha khungu la anthu kudzera m'mipando ndi nsapato.

Pochapa, patulani zamitundu yakuda ndi zoyera, tembenuzani chovala kuti mkati mukhale kunja, kenaka muchiviike kwakanthawi m'madzi ambiri musanathire sopo. Sankhani sopo wopanda mafuta onunkhiritsa, ndipo madzi akhale otentha kufika pamlingo umene walembedwa pa kansalu ka malangizo. Chofunika kwambiri, chimene ambiri amachichita mothamanga, ndi kutsukuluza: tsukuluzani kawiri kapena katatu, ndipo ngati madzi akutulukabe ndi utoto, chapaninso musanavale. Ngati mukuchapa pamanja, valani magolovesi ulendo woyambawu. Mankhwala ofewetsera zovala asiyeni, popeza amangowonjezera zonunkhiritsa zina pa nsalu imene mukufuna kuiyeretsa. Mukatha, yanikani panja pamene pakupita mphepo.

Komabe ndiyenera kunena mosabisa kuti madzi sachotsa zonse. Utoto wothiridwa pa poliyesitala ndi nayiloni susungunuka bwino m'madzi, koma umatha kusamukira pakhungu pamene pali kutentha, thukuta ndi kukhuzana. Mungauzindikire ndi malo amene zidzolo zatuluka: m'mphepete mwa khwapa, m'chiuno, mkati mwa ntchafu, kapena m'khosi pamene kolala imakhudza. Munthu amene khungu lake limadana ndi utotowu amathandizika akamavala zathonje zoyera kapena zamitundu yosada ndiponso zosathina. Kachilonda kozungulira m'munsi mwa mchombo kawirikawiri kamabwera ndi nickel, mtundu wa chitsulo wopezeka pa batani la jinzi kapena pa chitsulo cha lamba, ndipo kusokerera kansalu kuseri kwa batanilo kumathandiza. Zidzolo zikapanda kutha ngakhale mwasiya chovalacho, kaonaneni ndi dokotala wa khungu, amene angathe kukumatani timankhwala tosiyanasiyana pamsana kwa masiku awiri kuti adziwe amene thupi lanu likukana.

Pali mbali ina imene imandidetsa nkhawa, chifukwa zimene tachotsa pa chovala sizitheratu ayi, zimangopita ndi madzi. Mankhwala otsukira nsalu kufakitale otchedwa NPE akalowa m'madzi amasanduka nonylphenol, amene amachedwa kuwonongeka ndipo amasokoneza kuswana kwa nsomba. Kuyambira mu 2021 mayiko a European Union salola zovala zochapidwa ndi madzi zokhala ndi NPE wofika 0.01 peresenti ya kulemera kwa nsaluyo. Motero madzi oyamba musawataye mumtsinje, pafupi ndi chitsime, kapena m'dimba la ndiwo zamasamba.

Zovala zimene amati sizilowa madzi kapena sizigwira dothi nthawi zambiri zimakutidwa ndi mankhwala a gulu la PFAS, amene amatha zaka zambirimbiri osawola, ndipo kuchapa kumangowasuntha pang'onopang'ono. Jekete la mvula lili ndi chifukwa chake, koma malaya a mwana kapena nsalu yapatebulo sizifunikira zimenezi, ndipo ndi bwino kuzipewa pogula pomwe. Chizindikiro cha OEKO-TEX Standard 100, chimene chidayamba mu 1992, chimasonyeza kuti nsaluyo idayezedwa ndipo sidapezeke ndi mankhwala oopsa opitirira malire. Chovala chochokera kochapa mopanda madzi muchichotse mu pulasitiki ndi kuchipachika panja tsiku lathunthu musanachiike mu wadiropu, kuti fungo la perchloroethylene, mankhwala amene amachapira kumeneko, liuluke.