Buku la mwana musalitsekere m'sutikesi

Kuyambira mu 2016, boma lakhala likuyendetsa pulogalamu yophunzitsa kuwerenga m'makalasi oyambirira a pulaimale. Mwana amayamba ndi liwu la lembo, kenako maphatikizo, kenako mawu athunthu. Njirayi ndi yabwino. Koma m'masukulu ambiri mphunzitsi wa Sitandade 1 amakhala ndi ana oposa 100, ndiye sangathe kumvetsera aliyense akuwerenga. Womvetserayo ayenera kupezeka pakhomo, ndipo ndinu makolo.

Sizifuna nthawi yaitali ayi. Mphindi 15 tsiku lililonse, dzuwa lisanalowe, muli pakhonde. Ngati mwanayo ndi mtsikana, mbale ndi madzi zidikire kaye. Buku akabwera nalo musalibise poopa kuti ling'ambika. Likutireni ndi pepala la pulasitiki, aligwire yekha.

Chimene chimandidandaulitsa kwambiri ndi kuloweza. Mwana amatha kuimba tsamba lonse mokoma, makolo nkumasangalala, koma maso ake ali kumwamba. Muyeseni motere: phimbani chithunzi ndi dzanja, mulozereni mawu amodzi a pansi penipeni pa tsamba. Akangoti zii, dziwani kuti analoweza. Musakwiye. Bwererani naye ku ma, me, mi, mo, mu, mulembe pansi ndi kamtengo kapena khala, alumikize yekha: ma ndi ma, mama; mo ndi to, moto. Muuzeni aziyendetsa chala chamkombaphala pansi pa mawu amene akutchula.

Ana ambiri amakakamira pa maphatikizo a malembo atatu kapena anayi, monga nkhu, mpha, nthi, ng'o. Akafika pa mawu oti nkhuku nkuima, musathamangire kumuuza. Werengani mumtima mpaka kasanu. Akalepherabe, bisani phatikizo la ku ndi chala kuti aone la nkhu lokha, kenako tsegulani. Ndodo ndi mawu oti mbuli muziike kutali, chifukwa mwana wamantha amangoyang'ana nkhope yanu m'malo moyang'ana tsamba.

Nanga inu amene simunapite kusukulu? Ntchito yanu ilipo, yaikulunso. Khalani naye pamphasa, akuwerengereni, ndiye mumufunse: anachita zimenezi ndani? Chifukwa chiyani? Iwe ukanatani? Ngati zimene akunena sizikumveka, khutu lanu lidzadziwa ngakhale malembo simuwadziwa. Agogo nawo asasiye nthano za madzulo. Mwana amene amayankha kuti "Tili tonse" nkubwereza mawa lake zimene Kalulu anachita, akuphunzira kale kutsata nkhani, ndipo mawu ake akuchuluka.

Zowerenga zili ponseponse: thumba la feteleza, paketi ya shuga, buku la nyimbo la kutchalitchi, chikwangwani cha pachigayo. Dulani katoni yakale, mulembepo maphatikizo, muzisunge m'chitini.

Ngati teremu yatha mwana akulepherabe kusiyanitsa b ndi d, kapena amaika buku pafupi kwambiri ndi maso, kapenanso samva mukamuitana chakumbuyo, musadikire mayeso. Pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake, muwafunse tsamba limene afika, ndipo nkhani ya maso ndi makutu mukaifotokoze kuchipatala.