Mukugula nyumba ku America? Masiku atatu a Closing Disclosure aja ndi anu

Abale anga amene muli ku America ndipo mwafika poti mugule nyumba pa ngongole, kaya ku South Bend, Dallas kaya Seattle, pali pepala lina lomwe ndikufuna mulimvetse bwinobwino tsiku losayina lisanafike, dzina lake Closing Disclosure, lomwe limaonetsa manambala omaliza a ngongole yanu. A ku UK ndi ku Joni izi sizikukhudzani, kwanuko malamulo ndi ena.

Kuyambira pa 3 October 2015 bungwe la boma loteteza anthu pa nkhani za ngongole ndi mabanki la CFPB linaika lamulo lomwe amalitcha TRID, ndipo banki kaya kampani yobwereketsa ikuyenera kukupatsani mapepala awiri. Loyamba ndi Loan Estimate, longoyerekeza chiwongola dzanja ndi mafizi a ngongoleyo, masamba 3, limabwera pasanathe masiku atatu a ntchito mukangopereka dzina, malipiro anu, nambala ya Social Security, adiresi ya nyumbayo, mtengo wake ndi ndalama yomwe mukufuna kubwereka. Lisungeni ndithu, lidzagwira ntchito kutsogoloku. Lachiwiri ndi Closing Disclosure, masamba 5, ndipo likhale mmanja mwanu masiku atatu a ntchito musanasayine ngongoleyo. Powerenga masiku amenewa Loweruka amaliwerengera koma Lamulungu ndi maholide a boma ayi, ndiye ngati mukusayina Lachinayi likupezeni pofika Lolemba, ngati ndi Lolemba likupezeni Lachinayi la sabata yathayo. Akakutumizirani pa imelo kuti mutsimikize kuti mwalandira, tsimikizani msanga kuti masiku ayambe kuwerengeka, siginecha imeneyo imangosonyeza kuti mwalandira basi, simunavomere ngongole.

Tsono vuto lathu ife ndi ulemu. Tinakula osafunsa kwambiri munthu wa mu ofesi, ndiye agent akangoti zonse zili bwino mungosayina apa ndi apa timangogwedeza mutu, chonsecho ndi ngongole ya zaka 30 imeneyi ndipo adzalipire ndinu. Chonde masiku atatuwo khalani pansi mukaweruka ku shifiti, mapepala awiri aja muwayike pambalipambali nkumafananiza mzere ndi mzere. Tsamba 1 onani dzina lanu ngati alilemba molondola, chiwongola dzanja, ndalama ya pamwezi komanso ngati pali prepayment penalty, chomwe ndi chindapusa chobweza ngongole nthawi isanakwane. Tsamba 2 ndi pomwe pali mafizi onse. Tsamba 3 likuonetsa Cash to Close, ndalama yomwe mupite nayo tsikulo, pambali pa yomwe anakuuzani poyamba. Pa tsamba 4 onani ngati msonkho wa nyumba ndi inshulansi zili mu escrow, akaunti yomwe wobwereketsa amasungiramo ndalama zanu zolipirira zimenezi, chifukwa ngati mulibe ndiye kuti mabilu amenewo adzakupezani paokha ndipo si ang'ono.

Apa ndi pomwe lamulo lili ndi mano. Mafizi a wobwereketsa mwini wake, a broker, transfer tax (msonkho wosinthira umwini wa nyumba) ndi ntchito zomwe sanakuloleni kusankha nokha wogwira, monga appraisal (kuyeza mtengo wa nyumbayo) nthawi zambiri, sakuyenera kukwera olo ndi dola imodzi kuchoka pa Loan Estimate. Ena monga recording fee (yolembetsera nyumbayo ku boma) ndi makampani omwe munasankha pa mndandanda womwe anakupatsani akhoza kukwera koma onse pamodzi asapitirire 10%. Zomwe zilibe malire ndi monga inshulansi ya nyumba, chiwongola dzanja cholipiriratu, ndalama zoyika mu escrow ndi kampani yomwe munakaipeza nokha kunja kwa mndandanda uja. Amaloledwa kusintha manambala pokhapokha zinthu zitasinthadi, mwina inuyo mwapempha ngongole ya mtundu wina kapena credit yanu yatsika, koma akupatseni pepala latsopano. Akapitirira malire popanda chifukwa ngati chimenecho akuyenera kukubwezerani ndalama yapamwambayo pasanathe masiku 60 mutasayina, ndiye funsani, ndipo funsani pa imelo kuti umboni ukhalepo.

Masiku atatu aja amayambiranso pa zifukwa zitatu zokha: APR, womwe ndi mtengo wonse wa ngongole pa chaka mu maperesenti, ikasintha kuposa 0.125% pa ngongole wamba, mtundu wa ngongole ukasintha mwachitsanzo kuchoka pa chiwongola dzanja chosasintha (fixed) kupita pa chosinthasintha (adjustable), kapena akawonjezera prepayment penalty. Zina zing'onozing'ono amangokonza pepala nkupitiriza.

China chomwe chimatipinga ife ndi kochokera ndalama. Amapempha masitetimenti a ku banki, kawirikawiri a miyezi iwiri, ndipo ndalama yambiri ikangolowa mu akaunti amafuna adziwe yachokera kuti. Ya chipereganyu yomwe mwalandira pamanja imavuta kufotokoza, ndiye ilowe mu banki nthawi idakalipo ndipo muwafunse a banki umboni womwe angavomere, ngati achimwene kapena achemwali akuthandizani pamafunika gift letter yonena kuti si ngongole. Musatenge galimoto pa ngongole kapena kutsegula khadi yatsopano musanasayine, ambiri amayang'ananso credit yanu kumapetoku.

Akuba nawo amadikira sabata yomweyi, amatumiza imelo yooneka ngati ya title company, kampani yoona za mapepala a umwini wa nyumba, kuti akaunti yasintha tumizani kuno. Musatumize kanthu musanaimbe foni pa nambala yomwe mumaidziwa kale, osati yomwe ili mu imeloyo, wire ikapita kuibweza nkovuta kwambiri.

Dziwaninso kuti pogula nyumba mukasayina basi zatha, ufulu wosintha maganizo pamasiku atatu mutasayina umapezeka pa refinance, kutenga ngongole yatsopano pa nyumba yomwe muli nayo kale, osati pogula. Kubwerera mmbuyo musanasayine nkotheka koma earnest money yanu, chikole chomwe munapereka poyamba, ikhoza kupita malinga ndi kontilakiti yanu. Ngati manambala sakumveka pitani kwa housing counselor, mlangizi wa za nyumba wovomerezeka ndi HUD, unduna wa boma woona za nyumba, ambiri salipiritsa kapena amalipiritsa pang'ono, ndipo wobwereketsa akakana kukonza zolakwika kadandauleni ku CFPB pa consumerfinance.gov muli ndi mapepala awiri aja ndi maimelo onse.